Liwu Lachitatu m'Kwaya ya Amuna

M'dera lino la mfumu yaikulu Chiwalo, m'boma la Phalombe, muli mkulu wina amene wakhala akuimba m'kwaya imodzi ya amuna chiyambire chaka cha 1976. Dzina lake sinditchula, pakuti iye mwini sakonda kutchuka, ndiponso anthu a kuno amdziwa kale. Lachitatu lililonse dzuwa likapendeka amatsamiritsa khasu, nasamba, nakwera njinga yake yakale kunka kokaphunzira nyimbo. Mvula ikagwa, makande nayamba kugwira matayala, njinga amaisiya nayenda pansi. Mkazi wake anandiuza tsiku lina moseka kuti, "Aphunzitsi, ine ndili pamitala. Mkazi mnzanga ndi kwaya."

Kwaya imeneyi ndaimvera zaka 6, chibwerere ine kudzagwira ntchito pa sukulu ya kuno. Tsono ndifuna kuti inu awerengi ndi ine tiiweruze pamodzi, tione pamene pali ubwino wake ndi pamene ilakwa. Nyimbo ndi ntchito monga kuumba mbiya kapena kuluka mphasa. Ntchito ikhoza kuyamikiridwa, ikhozanso kudzudzulidwa, ndipo mmisiri weniweni sakwiya nazo.

Amuna amenewa saimba ndi ng'oma, kapena gitala, kapena kiyibodi. Choimbira chawo ndi pakhosi basi. Amagawana m'mbali zinayi. Pali otsogolera, amene amagwira nyimbo yeniyeni, ija imene mwana akhoza kuibwereza popita kudambo. Pamwamba pa iwo pali atenala, a mawu aang'ono opepuka. Pansi pali abesi, a mawu ogunda ngati mtondo. Mbali yotsala ndiyo ya abaritoni, imene ndiitcha liwu lachitatu powerenga kuchokera pamwamba, ndipo mkulu wathu uja aimba imeneyi. Taonani chinthu chimodzi apa. M'kwaya za m'tchalitchi zimene tonse tizidziwa, nyimbo imakhala pamwamba penipeni, kwa amayi oimba sopulano. Koma m'kuimba kumeneku nyimbo imakhala pakati, ndipo mawu ena amaizinga pamwamba ndi pansi.

Ntchito ya baritoni ndi yodabwitsa. Atatu enawo akatenga mawu awo, pamatsala liwu limodzi losowa kuti nyimbo idzaze, ndipo baritoni ndiye alifunafuna. Nthawi zina liwulo lili pamwamba pa wotsogolera, nthawi zina pansi pake. Tsiku lina ndinampempha mkuluyo kuti andiimbire mbali yake payekha. Kunena zoona ndinaseka. Zinamveka ngati munthu wosokera m'tchire usiku, apa wakwera chulu, apo wagwa m'dzenje. Iyenso anaseka nati, "Musadabwe aphunzitsi. Ine ndine dothi lomatira nyumba. Anthu amayamika nsichi ndi denga, koma tachotsani dothi muone ngati mugona."

Kuimba kotere kuli ndi dzina kunja. Ku America amakutcha barbershop. Mawu amenewa si achilendo kwa inu, pakuti mumawaona olembedwa pa zitseko za nyumba zometeramo tsitsi pa Migowi ndi pa Phalombe. Dzinali linadza chifukwa chakuti kale amuna ankasonkhana kwa wometa tsitsi, ndipo poyembekeza lumo ankaimba. Anthu ambiri ankayesa kuti ndi kuimba kwa azungu. Koma m'chaka cha 1992 munthu wofufuza mbiri ya nyimbo, dzina lake Lynn Abbott, anaonetsa ndi umboni wambiri kuti kuimbaku kunakulira pakati pa anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ngakhale Louis Armstrong, woliza lipenga wotchuka uja, ali mnyamata ankaimba m'kagulu ka anthu anayi m'misewu ya New Orleans.

Bungwe lalikulu losunga kuimbaku linayamba mu April 1938 mumzinda wa Tulsa, ndipo analiyambitsa ndi Owen C. Cash ndi Rupert Hall. Lero litchedwa Barbershop Harmony Society. Mbiri yake ili ndi banga. Mu 1941 amuna anayi akuda a ku New York, otchedwa Grand Central Red Caps, anapambana mpikisano wa kwawo, koma anakanizidwa kulowa mpikisano wa dziko lonse chifukwa cha khungu lawo. Anthu akuda anayamba kuloledwa m'bungwelo mu 1963, ndipo akazi mu 2018. Eni nyimbo anakhala kunja kwa mpanda zaka 25, alendo ali m'kati kuimba nyimbo zawo.

Nanga kuimba kwa mtundu umenewu kunafika bwanji kuno kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kwa ife Alomwe a tchopa? Njira sinali imodzi. Ina inali ya mishoni. Kuyambira pa Blantyre mu 1876, sukulu za mishoni zinaphunzitsa ana kuimba mbali zinayi ndi do, re, mi, njira imene mbusa wa ku England, John Curwen, anaifalitsa. Anthu akuda a ku America nawonso anafika m'dziko muno. Landon Cheek ndi Emma Delaney anadzathandiza John Chilembwe ku Mbombwe ku Chiradzulu, ndipo Thomas Branch anafika mu 1902 ku mishoni ya ku Thyolo imene pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Mpaka lero mpingo wa Seventh-day Adventist ndiwo udziwika kwambiri ndi timagulu ta amuna anayi, ndipo ambiri a iwo amatsanzira gulu la ku America lotchedwa King's Heralds.

Koma mkulu wathu sanaphunzire ku mishoni. Iye anaphunzira ku Joni. Ku South Africa kuimba kwa anthu akuda a ku America kunafika kale, mu 1890, pamene Orpheus McAdoo anadza ndi gulu lake la Virginia Jubilee Singers, nayenda m'mizinda yambiri zaka zingapo. Azulu anakumva, nakusakaniza ndi kuimba kwa makolo awo, napanga chawochawo. Mu 1939 Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambulitsa nyimbo ya Mbube ku Johannesburg, imene inamveka dziko lonse lapansi, ngakhale mwini wake anamwalira wosauka mu 1962. Mkulu wathu anapita ku migodi ndi Wenela mu 1972. M'komponi anapeza amuna oimba madzulo atatuluka mumgodi, ndipo mu 1973 chimbale choyamba cha Ladysmith Black Mambazo chitatuluka, ati ankachimvera mpaka kuloweza mbali zonse. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Kamuzu Banda linaletsa kulemba anthu a ku migodi. Iye anabwera kumudzi ndi sutikesi, bulangete, ndi khutu lophunzira.

Chifukwa chake kwaya ya kuno si barbershop weniweni monga aimbira ku America, ndipo amuna ake sanalimvepo dzinalo kufikira ine nditawauza. Ndi mwana wobadwa kwa makolo angapo. Kagawidwe ka mbali zinayi nkofanana ndi ka ku America. Kulemera kwa besi nkwa Azulu. Kuyankhana kwa wotsogolera ndi anzake nkwathu konkuno, kwa pamtondo ndi pabwalo.

Tsopano tifike pa funso lalikulu. Kodi nchiyani chimene chamgwira munthuyu zaka zonsezi, osalandira ngakhale tambala? Ndinamfunsa. Sananene za kumwamba, ngakhale ali wopemphera. Sananenenso za chibwenzi cha anzake, ngakhale amakondana. Anati, "Pali nthawi ina, mwina kamodzi pa madzulo onse, pamene mawu athu agwirana. Pamenepo mumamva munthu wachisanu akuimba pamwamba pathu, koma mukayang'ana palibe. Tsitsi limaima. Ndimayendera ameneyo."

Musayese kuti ndi zamizimu kapena nthano za nkhalamba. Chinthuchi nchoona, ndipo oimba a ku America amachidziwa nachifunafuna monga iyeyu. Munthu akatulutsa liwu, pamwamba pa liwulo pamakhala timawu tina ting'onoting'ono, timene khutu silitimva patokha. Tsono anthu a mbali zinayi akalinganiza mawu awo bwinobwino, osakwera kapena kutsika ngakhale pang'ono, timawu tija timakumana ndi kulimbikitsana, ndipo pamamveka liwu limene palibe alitulutsa. Ine ndalimva kangapo m'kwaya imeneyi. Limalira ngati mkombero wa botolo pamene mphepo iwomba pakamwa pake.

Apa ndipo pali ubwino waukulu wa kwayayi. Liwu lachisanu silibwera kwa anthu ofuula. Limabwera kwa anthu omverana. Mukawayang'ana poimba, muona kuti sayang'ana anthu omvera. Amapendeketsa mitu, aliyense khutu kwa mnzake, ngati alenje omvera mgugu wa nyama. Mkulu wathu ndiye katswiri pa ichi. Wotsogolera akatsika pang'ono chifukwa cha kutopa, iye amatsika naye mosadziwika, nabisa cholakwacho. Akakhala pamwamba pa wotsogolera amachepetsa mawu kuti asaphimbe nyimbo. Akakhala pansi amawadzaza. Munthu angamvere kwayayi chaka chathunthu osadziwa kuti iye alipo. Ndinazindikira luso lake tsiku limene anadwala malungo nalephera kubwera. Nyimbo zinali zomwezo, oimba omwewo, koma zinamveka ngati ndiwo zopanda mchere.

Anyamata a masiku ano amakonda kiyibodi, jenereta ndi zokuzira mawu. Sindinena kuti kiyibodi ndi choipa. Chimakometsa ukwati, ndipo chathandiza ana ambiri kukonda nyimbo. Koma pali chinthu chimene sichingathe. Opanga kiyibodi anagawa mtunda wochokera pa do wa m'munsi kufika pa do wa pamwamba m'magawo 12 ofanana ndendende, kuti munthu athe kuyambira nyimbo paliponse. Pochita zimenezi anasuntha mawu ena pang'ono. Mi wa pa kiyibodi ali pamwamba pang'ono kuposa mi amene khutu limfuna pamene aimbidwa pamodzi ndi do ndi so. Pakhosi pa munthu pakhoza kutsika kapang'ono kameneko, koma kiyibodi sichingathe. Nchifukwa chake kwaya yotsamira pa kiyibodi kawirikawiri silimva liwu lachisanu lija. Choipa china nchakuti phokoso la zokuzira mawu limabisa zolakwa. Mwana akhoza kuimba zaka zitatu mophonya, osadzimva yekha, popandanso womuuza.

Komatu ndikadakhala wonama ndikadangoyamika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo m'kwaya ya akuluakuluwa nyerere zilimo.

Cholakwa chimene chimandipweteka koposa, ine monga mphunzitsi wa Chichewa, ndi kupotoza mawu a chinenero chathu. Polankhula Chichewa timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu. Tanenani mokweza mawu akuti "munthu", "chikondi", "Mulungu", mumve pamene lilime likhalitsa. Koma nyimbo zambiri zimene kwayayi iimba zinapangidwira Chingerezi, ndipo zimagogomeza phatikizo lotsiriza. Tsono akavala mawu a Chichewa pa nyimbo yotere, zimakhala ngati munthu wovala nsapato ya kumanzere ku phazi la kumanja. Ayenda ndithu, koma motsimphina. Chinanso, chinenero chathu chimasiyanitsa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma sitiwatchula chimodzimodzi. Ndamvapo kwayayi ikuimba za mtengo umene Ambuye anapachikidwapo, koma nyimbo inakokera mawuwo kumsika. Vutoli si lawo okha, lilimonso m'nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu. Abale athu a kumpoto anachita bwino pa ichi, pakuti anthu onga Mawelera Tembo ndi Charles Chinula anapeka nyimbo za mpingo pa maimbidwe a makolo awo, kotero kuti mawu ndi nyimbo zinabadwira pamodzi. Kwaya ya kuno ili ndi nyimbo zitatu kapena zinayi zimene inapeka yokha, ina ya maliro, ina yonena za asodzi a matemba pa Chilwa. Zimenezi ndizo zokoma koposa zonse, koma eni ake amaziyesa zachabe, naziimba pomalizira anthu atayamba kumwazikana.

Amakondanso kuimba Chingerezi chimene sachimva. Amachiloweza pa matepi akale, ndipo mawu amatuluka osadziwika mutu wake, osakhala Chingerezi, osakhalanso Chichewa. Amayi okhala pamphasa amangoyang'ana pansi. Ndiponso pomaliza nyimbo amakoka liwu lotsiriza motalika kwambiri, kufunafuna wachisanu uja, mpaka atenala mitsempha ya m'khosi kuonekera. Kamodzi nkokoma. Pa nyimbo iliyonse nkotopetsa.

Cholakwa chotsiriza ndi cha mkulu wathu mwini, ndipo ndinamuuza pamaso, chifukwa chake sindimjeda polemba pano. Chikondi chake pa nyimbo chinasanduka nsanje. Kwayayi inali ndi amuna 16 pamene inali pachimake. Lero atsala 7, ndipo wa baritoni ndi iye yekha. Anyamata akhala akubwera, koma mnyamata akaphonya kawiri, mkuluyo amamyang'ana ndi diso limene limamuuza kuti asabwerenso. Palibe nyimbo ndi imodzi yomwe imene inalembedwa. Zonse zili m'mutu mwa munthu wa zaka zoposa 70. Ndinamfunsa kuti, "Bambo, mukadzapita, dothi lija adzamata ndani?" Anakhala chete nthawi yaitali, nayankha kuti, "Ana a lero alibe makutu." Ine ndikana. Ndimakhala ndi ana mazana angapo tsiku ndi tsiku, ndipo makutu ali nawo. Chimene alibe ndi munthu wodekha wowaphunzitsa kumvera. Iye amene ku Joni anamlekerera Azulu miyezi yambiri akuphonya, ndipo waiwala.

Chimene chinamfewetsa mtima si mawu anga. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'boma lino, monga napolo wa mu 1991 amene akuluakulu amkumbukirabe. Sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo yathunso inatero. Zipinda zophunziriramo zinadzaza ndi amayi, ana ndi mitolo yonyowa. Kunalibe magetsi, kunalibe mafuta a jenereta, ndipo kiyibodi cha achinyamata chinali chitamira. Usiku wachitatu amuna asanu a kwaya ija, amenenso anali othawa, anaima pakhonde mumdima nayamba kuimba chapansipansi. Sanaimbe Chingerezi usiku umenewo. Anaimba nyimbo yawo ya maliro ija. Sindinena kuti anaimba mopanda banga, pakuti wa tenala anali ndi chimfine, ndipo besi anali mmodzi pamene pafunika awiri. Koma ana analeka kulira, ndipo ndinaona anyamata a Sitandade 8 atasendera pafupi, pakamwa pali yasa. Mmodzi anafunsa mnzake kuti, "Kodi winayo akuimbira kuti?"

Madzi ataphwa, wa besi wamkulu anasamukira kwa mwana wake ku Blantyre, pakuti nyumba yake inagwa, ndipo sanabwerenso. Pamenepo mkulu wathu anadza yekha ku ofesi yanga, chipewa chili m'manja, nati, "Aphunzitsi, mundibwereke ana awiri, ndi kope." Ndinampatsa. Nyimbo tayamba kuzilemba ndi do, re, mi, iye akuimba, ine ndikulemba, ndipo pofika tsopano talemba 11. Ntchitoyi ndi yochedwa, chifukwa akaimba kachiwiri saimba monga poyamba, ndipo timakangana kuti choona ndi chiti. Ndamuumiriza kuti tiyambe ndi nyimbo zopeka okha zija. Anavomera monyinyirika.

Mwa ana awiri aja, mmodzi analeka patapita mwezi, nabwerera ku kiyibodi. Winayo alipobe. Vuto lake ndi la aliyense woyamba baritoni: akamva nyimbo yeniyeni ikukoma pambali pake, amasiya mbali yake naitsata, monga mbuzi itsata inzake yolowa m'munda. Lachitatu lapitali ndinapita kukamvera. Mnyamatayo anagwira mbali yake ndime yonse yoyamba osagwa, ndipo pa liwu lotsiriza wachisanu uja anamveka pang'ono, nazimirira msanga. Mwanayo anatembenuka kuyang'ana kudenga. Mkuluyo sanamyamike, sanamwetulirenso. Anangoti, "Wakwera pang'ono pa mi. Tiyeni tibwereze."